Mwala wobiriwira wa m'kabati ya agogo

Linali tsiku la Sabata masana, titatuluka m'tchalitchi, pamene tinapatukira kwa banja lina la mumpingo mwathu chakumtunda kwa Chitakale. Kunja kunali chiperoni, phiri lonse litabisala mu nkhungu, motero tinakhala m'nyumba m'malo mwa pakhonde. Mwininyumba ndi mkulu wina amene unyamata wake unathera ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia. Anabwerako ndi zinthu zitatu zimene amazinyadira mpaka lero: wailesi imene inafa kalekale, chisoti cholimba cha mumgodi, ndi mwala wobiriwira, waukulu ngati nkhonya ya mwana, umene nthawi zonse umakhala m'kabati pakati pa makapu a alendo.

Tsikulo mwalawo sunali m'kabati. Unali patebulo, ndipo mbali yake imodzi inkaoneka kuti yapalidwa ndi tupa. Agogo aakazi anali chigonere kuchipinda. Mpongozi wawo ndiye anatifotokozera, motsitsa mawu. Mawondo a agogo akhala akuwavuta kwa zaka zambiri. Mdzukulu wina wobwera kuchokera ku Joni ataona mwalawo anati kumeneko miyala yotere imagulitsidwa modula m'masitolo monga mankhwala a nyamakazi. Poti mwala ulipo kale pakhomo, anaupala pang'ono, nathira ufawo m'kapu ya madzi, nafinyiramo ndimu kuti ukome. Agogo anamwa Lachinayi madzulo. Usiku wonse anasanza, m'mimba mukupota, m'kamwa mukumveka ngati anyambita ndalama yachitsulo.

"Ana anga, ine ndinawauza," anatero agogo aamuna. "Kumgodi kuja mwala uwu sitinkauika pakamwa. Koma nanga munthu akakalamba amamvedwa?"

Mwamwayi ufa umene anamwa unali wochepa, ndipo atapita nawo kuchipatala Lachisanu m'mawa anawathandiza. Pano ali bwino, ngakhale mawondo akadali momwemuja. Banjalo linatilola kulemba nkhaniyi popanda kutchula maina, ndipo ife tinaona kuti n'koyenera kutero, pakuti mwala umenewu uli ndi abale ake amene akupezeka m'makomo ambiri kuno ku Mulanje, ngakhale m'makomo mmene simunalowepo mwala wa ku Zambia.

Kodi ndi mwala wanji?

Dzina lake ndi malachite. Mukauyang'anitsitsa mumaona mizere yozungulirazungulira, ina yobiriwira kwambiri ngati tsamba lokhwima la tiyi, ina yowala ngati nsonga zongophuka kumene. Mukaunyamula mumadabwa kulemera kwake. Mwala wamba umalemera kuposa madzi pafupifupi kawiri ndi theka, koma uwu umawaposa pafupifupi kanayi, chifukwa pa magawo 100 alionse a kulemera kwake, magawo 57 ndi mkuwa weniweni. Komabe ndi wofewa. Akatswiri a miyala ali ndi muyeso wa kulimba woyambira pa 1 kufika pa 10, ndipo malachite ali pakati pa 3.5 ndi 4. Mpeni wa kukhitchini umaukanda mosavuta. N'chifukwa chake tupa ya agogo sinavutike.

Mwalawu umapangika pafupi ndi pamwamba pa nthaka, pamalo pamene pansi pake pali mkuwa. Madzi a mvula ndi mpweya zimalowa m'ming'alu kwa zaka zosawerengeka, n'kumasungunula mkuwa pang'onopang'ono, ndipo madziwo akakumana ndi miyala ya mtundu wa laimu amasiya zotsalira zobiriwira, mzere pamwamba pa mzere. Kawirikawiri pambali pake pamakhala mbale wake wotchedwa azurite, wa mtundu wa buluu wakuda. Pachichewa tonse timadziwa vuto lake: tsamba ndi lobiriwira, thambonso ndi lobiriwira. Miyala iwiriyi imakhala ngati ikugwirizana nafe, chifukwa zopangira zake n'zofanana, ndipo azurite akakhalitsa pachinyezi amasanduka malachite.

Pali zinthu ziwiri zimene mwalawu umachita zomwe mayi aliyense ayenera kudziwa. Ukaikidwa pamoto umada bii, kubiriwira konse n'kutha. Ndipo ukakumana ndi chinthu chowawasa umasungunuka, mkuwa n'kulowa m'madzimo. Madzi okha sausungunula kwenikweni, koma viniga, mandimu, ngakhalenso asidi wa m'mimba mwa munthu amatero. Ndimu lija anafinyira m'kapu kuti mankhwala akome ndi limene linatulutsa poizoni.

Tinene pano kuti phiri lathu silili m'gulu la mapiri a mkuwa. Mulanje, kuyambira m'tsinde mpaka pa Sapitwa pamene pali mamita 3,002, ndi thanthwe la mtundu wina, ndipo chuma cha pansi chimene chakhala chikukambidwa kwa zaka zambiri ndi dothi lopangira aluminiyamu la ku Lichenya ndi ku Linje. Zobiriwira zimene mumaziona pa miyala ya ku Likhubula ndi ndere basi. Choncho wina akakuonetsani mwala wamizeremizere nati wautola kuphiri kuno ndipo akufuna mnzake woika ndalama, gwirani thumba lanu. Palinso ina yabodza, ya pulasitiki, imene imagulitsidwa ngati mikanda. Imeneyo imapepuka, ndipo mukaigwira siizizira m'manja monga uchitira mwala.

Njira imene unadzera

Kwawo kwenikweni kwa malachite m'dera lathu lino la Africa ndi ku Katanga, kumwera kwa dziko la Congo, cha ku Kolwezi, Likasi ndi Lubumbashi, komanso tsidya lino la malire, ku migodi ya ku Zambia. Azungu asanafike, anthu akumeneko anali kale akatswiri. Ikatha ntchito yokolola, m'chilimwe, midzi inkasamukira kumalo okumba. Amayi ndi ana ankatola ndi kutsuka miyala yobiriwira, amuna n'kumaumba ng'anjo ndi dothi la pachulu. Ankasanjika makala ndi miyala, n'kupopa mivukuto ya zikopa mpaka mkuwa utayenderera ngati madzi. Ankauthira m'zikombole zooneka ngati mtanda, ndipo timitanda ta mkuwa timeneti tinkagwira ntchito ngati ndalama: kugulira katundu, kulipira milandu, kuperekera ukwati.

Mkuwa umenewo unayenda kutali. M'chaka cha 1960, anthu akukumba pamalo otchedwa Ingombe Ilede m'chigwa cha Zambezi ku Zambia anapeza manda akale a anthu olemera, mmene munali mitanda ya mkuwa, mawaya a mkuwa, mikanda ya golide ndi mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja. Njira ina ya malonda inkachokera kwa Mwata Kazembe ku Luapula, kudutsa m'dziko la Achewa, mpaka ku Tete. Ndi njira imeneyi imene anadzera Apwitikizi awiri, Monteiro ndi Gamitto, mu 1831 ndi 1832. Zigwinjiri za mkuwa zimene ankavala makolo athu zinali ndi ulendo wautali kumbuyo kwake.

Migodi yaikulu ya masiku ano inayambanso ndi mwala womwewu, poti kubiriwira kwake pamwamba ndiko kunkaulula chuma chobisika pansi. Nkhani imene agogo aja amaikonda, ndipo anatisimbiranso tsikulo ngakhale tinaimvapo kale, ndi ya mzungu wina dzina lake William Collier. Mu 1902 iye anawombera chilembwe m'mbali mwa mtsinje wa Luanshya, ndipo akuti nyamayo itagwa, nyanga yake inatsamira pamwala wobiriwira. Mgodi umene unatsegulidwa pamenepo pambuyo pake unatchedwa Roan Antelope, dzina lachingerezi la nyamayo. Agogo amamaliza nkhaniyi ndi kaseko, amati anthu akumeneko ankaudziwa mwalawo chikhalire, chilembwe chinangothandiza mlendo. Amuna ambiri a ku Nyasaland anakagwira ntchito m'migodi imeneyi, ena pansi, ena m'maofesi, ndipo si iwo okha amene anabwerako ndi kamwala m'sutikesi.

Kunja kwa Africa mwalawu anthu ankaufuna chifukwa cha kukongola. Aigupto akale ankaupera n'kumadzola m'zikope. Ojambula zithunzi ankapanga nawo utoto wobiriwira, ndipo azurite ankawapatsa wa buluu. Mafumu a ku Russia anakuta nawo nsanamira za chipinda chathunthu m'nyumba yawo yachifumu ku St Petersburg. Ndipo anyamata okonda mpira mwina sadziwa kuti anauonapo kambirimbiri: mizere iwiri yobiriwira imene ili m'munsi mwa chikho cha mpira wa dziko lonse, chimene chakhala chikuperekedwa kuyambira 1974, ndi malachite.

Thupi limafuna mkuwa, koma wochuluka bwanji?

Apa ndi pamene mdzukulu uja anasokonezeka, ndipo sitikumuweruza, chifukwa m'zimene anamva munali kachoonadi pang'ono. Mlengi anaikadi mkuwa m'thupi mwathu. Umathandiza kuti thupi ligwiritse bwino ntchito ayironi popanga magazi, umalimbitsa mitsempha ndi mafupa, umathandiza ubongo, ndiponso umatenga mbali popanga mtundu wa khungu ndi tsitsi. Munthu wosowa mkuwa amatha kuchepa magazi ngakhale akumwa mapiritsi a ayironi.

Koma tamverani kuchepa kwake. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 0.9 okha patsiku. Mayi woyembekezera amafunika 1, woyamwitsa 1.3. Mkuwa wonse wa m'thupi la munthu wamkulu, mutausonkhanitsa pamodzi, ndi pafupifupi mamiligalamu 100, wosakwana n'komwe kulemera kwa njere imodzi ya chimanga. Ndipo malire amene akatswiri a zakudya anaika, oti munthu wamkulu asapyole tsiku ndi tsiku, ndi mamiligalamu 10. Tsopano werengani nafe. Galamu imodzi ya ufa wa malachite, imene ndi kansonga chabe ka sipuni yaing'ono, ili ndi mamiligalamu 570 a mkuwa. Uwo ndi mkuwa wokwanira munthu kwa chaka ndi theka ndi kupitirira, womwedwa kamodzi.

Chotikondweretsa ife a uthenga wa zaumoyo n'chakuti mkuwa wofunikawo uli kale m'mbale zathu, makamaka m'zakudya zimene takhala tikulimbikitsana kudya. Mtedza wodzaza dzanja limodzi umapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mkuwa wa tsiku lonse. Chitowe chili ndi wochuluka kuposa pamenepo. Nandolo amene Mulanje amatchuka naye, nyemba, khobwe, soya, nthangala za maungu, bowa, mapeyala, mbatata, zonsezi zili nawo. Mgaiwa umaposa ufa woyera, chifukwa pokonola timataya mbali ya njere imene muli michere yambiri. Banja lodya nsima ya mgaiwa ndi nandolo, kapena masamba otendera, silifunika kudera nkhawa za mkuwa ngakhale litakhala kuti silidya nyama konse. Thupi limatengako umene likufuna, chiwindi n'kutaya wotsalawo kudzera mu ndulu.

Chiwindi chimenechi chili ndi malire ake. Mkuwa ukabwera wambiri nthawi imodzi umayamba wapsereza m'mimba: nseru, kusanza, nthawi zina masanzi obiriwira, kutsegula m'mimba. Ukachuluka kwambiri umaphwanya maselo ofiira a magazi, maso amachita chikasu, mkodzo umada, chiwindi ndi impso zimalephera, munthu n'kufa. Chimene chinawapulumutsa agogo ndi kuchepa kwa ufawo ndi kusanza kuja. Ukamabwera pang'onopang'ono kwa miyezi, umaunjikana mwakachetechete, ndipo ana aang'ono ndiwo amavulala msanga. Ku India kunali matenda a chiwindi amene anapha ana ambiri, ndipo madokotala anapeza kuti ankagwirizana ndi chizolowezi chowiritsa ndi kusunga mkaka wa ana m'ziwiya za mkuwa wosakaniza. Mabanja atasintha ziwiya, matendawo anachepa kwambiri.

Ngati muli ndi ketulo, mphika kapena chikho cha mkuwa chosiyidwa ndi makolo, chiyang'aneni m'kati. Dzimbiri la chitsulo ndi lofiira, koma la mkuwa ndi lobiriwira, longa lija limagwira timakobidi takale ta tambala tikakhalitsa pachinyezi. Dzimbiri limenelo ndi mbale wake wa mwala wa agogo. Musasungiremo thobwa, mkaka, madzi a nanazi, bwemba kapena ndiwo za matimati. Ena amva kuti mkuwa umapha tizilombo, ndipo n'zoona, tizilombo tambiri sitikhalitsa pa mkuwa. Koma zimenezo sizisandutsa mtsuko wa mkuwa kukhala chitetezo ku kolera. Madzi akumwa tiziwiritsa kapena kuthira kolorini monga atiphunzitsira azaumoyo. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapyole mamiligalamu 2 a mkuwa pa lita imodzi. Kumene mkuwa umagwira ntchito yachipatala, monga pa lupu ya kulera imene amayi ena apabanja amasankha, umakhala woyezedwa bwino ndipo umaikidwa ndi munthu wophunzira ntchitoyo.

Mbale wake amene ali m'dimba

Mabanja ambiri owerenga magazini ino alibe malachite. Koma pitani kuseri kwa chitseko, kapena pamwamba pa khoma pamene pamakhala mbewu, mukapeza kapepala ka ufa wobiriwira umene alimi amangouti kopa. Olima matimati ndi mbatata ya kachewere amaudziwa bwino, makamaka kuno kumene chinyezi ndi nkhungu zimabweretsa chiwawu. Ufa umenewu ndi mankhwala a mkuwa, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mkuwa, osasiyana kwenikweni ndi mwala uja.

Chiyambi chake n'choseketsa. Alimi a mphesa a m'dera la Bordeaux ku France ankawaza mipesa ya m'mbali mwa msewu ndi madzi a buluu, osakaniza mchere wa mkuwa ndi laimu, pofuna kuopseza odutsa kuti asabe zipatso. Mu 1882 mphunzitsi wina wa za zomera, Millardet, anaona kuti mipesa yowazidwayo inali ndi masamba ake onse pamene ya m'kati mwa munda inali itayoyoka ndi matenda. Anayesa kwa zaka zingapo, nalengeza zimene anapeza mu 1885. Mankhwala oopsezera akuba anasanduka mankhwala a mbewu, ndipo mpaka lero akupulumutsa minda padziko lonse.

Sitikunena kuti alimi asiye kopa. Tomato ndi amene akulipirira ana sukulu m'makomo ambiri, ndipo chiwawu chikalowa m'dimba sichisiya kanthu. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi mmene timauonera ukugwiritsidwa ntchito. Taonapo mnyamata akuvundula mankhwala mu ndowa ndi dzanja lake, mkono wonse uli biriwiri. Taonapo wina akupopera ali chifuwa pamtunda, mphepo ikumubwezera nkhungu yonse kumaso. Taonapo matimati pamsika ali ndi mawanga a mankhwala, kusonyeza kuti anapoperedwa dzulo lake. Ndipo choopsa kuposa zonse ndi ufa wogulidwa mopimitsa, womangidwa m'kajumbo kopanda dzina, n'kuikidwa pashelefu pomwe pali soda ndi mchere. Mwana wazaka zitatu sadziwa kusiyanitsa ufa wobiriwira ndi ufa wa juwisi wothira m'madzi.

Gulani mankhwala ali m'paketi yake, yolembedwa dzina ndi malangizo, kwa ogulitsa ovomerezeka. Dziko lathu lili ndi bungwe loona za mankhwala a mbewu, la Pesticides Control Board, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu angakuuzeni muyeso woyenera. Kuonjezera muyeso sikuchiritsa mbewu msanga, kumangowaula masamba. Povundula gwiritsani ntchito kamtengo. Valani malaya a manja aatali, nsapato, ndi chophimba pamphuno ndi pakamwa. Poperani m'mawa kapena madzulo kukakhala bata, mphepo ili kumsana kwanu. Mukamaliza sambani ndi sopo musanagwire chakudya, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Dikirani masiku olembedwa papaketi musanathyole. Inu ogula, tsukani matimati ndi madzi ambiri musanadule.

Palinso za mtsinje. Mkuwa umapha nsomba ngakhale utakhala wochepa kwambiri moti munthu sangaulawe. Madimba athu ali m'mbali mwa Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi timitsinje tina tothira m'menemo, ndipo n'chapafupi kutsukira sipuleya momwemo. Kumunsi kuli wina akutunga madzi, winanso ali ndi damu la nsomba. Tsukirani kumtunda, kutali ndi madzi. Dziwaninso kuti mkuwa suwola. Umene wagwera m'nthaka chaka chino udzakhalamo, ndipo ukachuluka nyongolotsi zimene zimafewetsa dothi zimatha. Kasinthasintha wa mbewu, kubzala motalikirana, kuthirira pansi osati pamasamba, ndi kuchotsa masamba odwala zimachepetsa maulendo opopera. Oweta nkhosa asamale koposa, pakuti nkhosa sizipirira mkuwa ngati ziweto zina.

Mchere wa buluu uja wa ku France nawonso uli pakati pathu. Umaoneka ngati timiyala ta buluu towala, tokongola ngati switi, ndipo umasungunuka m'madzi msangamsanga. Abale athu okhala ku South Africa amaupeza ukugulitsidwa m'misika ya mankhwala azitsamba. Ena amaupaka pa zilonda, ena amausakaniza m'mankhwala akumwa kapena opopera kumbuyo. Kale ngakhale madokotala ankaugwiritsa ntchito posanzitsa munthu, koma anausiya ataona kuti ukupha anthu. Pa abale a banja la mkuwa amene tatchula pano, uwu ndiwo woopsa kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina akamwa chilichonse mwa zimenezi, musamukakamize kusanza ndipo musataye nthawi ndi mankhwala apakhomo. Thamangirani naye kuchipatala chimene chili pafupi, kaya ndi chaching'ono cha m'dera lanu, cha boma pa Mulanje, cha Mulanje Mission, kapena Malamulo kwa amene ali chakufupi ndi Thyolo. Tengani paketi kapena chotsalira chake kuti adokotala aone. Ngakhale wodwalayo aoneke kuti wapezako bwino atasanza, apitebe, chifukwa kuwonongeka kwa magazi ndi impso kumaonekera patapita tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Osema miyala yotere asamaseme youma, chifukwa fumbi lake ndi loipa m'mapapo. Chimodzimodzinso anyamata amene amawotcha mawaya akale kuti atulutse mkuwa wokagulitsa: utsi wa pulasitiki umenewo ndi woopsa kuposa ndalama imene amapeza.

Nanga kungouvala?

Mpongozi uja anatifunsa funso limeneli tisanatsanzike. "Chabwino, kumwa ayi. Nanga agogo atangoumangirira pabondo? Kapena tiwagulire chibangili cha mkuwa, poti ena akuti chimathandiza?"

Zibangili zimenezi zinayesedwa. Mu 2013 ofufuza a pa yunivesite ya York ku England anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 70 odwala nyamakazi yotupitsa mfundo. Aliyense anavala zibangili zosiyanasiyana mosinthanasinthana, china cha mkuwa, zina za maginito, kwa milungu ingapo chilichonse. Ululu ndi kutupa sizinasinthe mwa njira yoti n'kuloza chibangili. Kubiriwira kumene kumatsala pakhungu, kumene ogulitsa amati ndi umboni wakuti matenda akutuluka, ndi thukuta chabe limene ladya mkuwa. Kumachoka ndi sopo.

Za malachite amanena zoposa pamenepo. Pa intaneti mudzawerenga kuti amayamwa mphamvu zoipa, amateteza mwana ku maso oipa, amatchinjiriza apaulendo, amakopa chuma. Tikachotsa Chingerezi chake ndi bokosi lokongola, zimenezi ife timazidziwa. Ndi chithumwa. Ndi mphinjiri yomwe ija makolo athu m'chikhulupiriro anaitaya pa tsiku la ubatizo, yangobwerera itavala suti. Ndipo zimatimvetsa chisoni kuti Mkhristu amene sangalole mwana wake kumangidwa kachingwe m'chiuno ndi sing'anga amatha kulandira mwala wa ntchito yomweyo chifukwa choti wachokera m'sitolo ya ku Johannesburg.

Baibulo silidana ndi mkuwa. Pa Deuteronomo 8:9 mkuwa wokumbidwa m'mapiri ukutchulidwa pakati pa madalitso a dziko lolonjezedwa, ndipo kumwera kwa Israel, ku chigwa cha Timna, kukadali migodi yakale kumene ankakumba miyala yobiriwira yomweyi. Guwa la nsembe ndi beseni losambira la m'chihema zinali za mkuwa. Koma nkhani imene tinawerenga limodzi ndi banja lija madzulo amenewo ndi ya njoka yamkuwa. Pa Numeri 21 Mulungu mwini ndiye analamula Mose kuti aipange, ndipo olumidwa amene anaiyang'ana anachira. Mphamvu sinali mu mkuwawo. Patapita zaka mazana ambiri, pa 2 Mafumu 18:4, tikupeza anthu akuifukizira lubani, ndipo mfumu Hezekiya anaiphwanya. Chinthu chimene chinali ndi mbiri yopatulika chotere chinaphwanyidwa pamene anthu anayamba kuyembekezera kwa icho chimene chimachokera kwa Mulungu yekha.

Sitinawauze agogo kuti aphwanye mwala wawo. Kwa iwo si chithumwa, ndi chikumbutso cha zaka zimene anatsika pansi pa nthaka kuti ana awo aphunzire, ndipo munthu akhoza kuyang'ana mizere yake n'kutamanda Iye amene anaijambula. Za mawondo a agogo aakazi tinakambirana zimene zimathandizadi, ngakhale sizichititsa chidwi ngati mwala wochokera kutali: kuyenda pang'ono tsiku lililonse pamalo athyathyathya m'malo mongokhala, kuthowa ndi nsalu yofunda m'mawa kukazizira, ndodo yoyendera imene iwo amaikana poti akuti ndi ya okalamba, mpando wokwera m'malo mwa mphasa, adzukulu kuwalandira mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi, ndi kukaonana ndi adokotala kuti adziwe mtundu wa nyamakazi yawo ndi mankhwala oyenera. Amayi a Dorika analonjeza kuti azidzawayendera Lachitatu lililonse.

Tikutuluka, agogo aamuna anatenga mwala uja, naupukuta ndi mpango, nautembenuza kuti mbali yopalidwa iyang'ane kukhoma. Sanaubwezere pakati pa makapu. Anaitana mdzukulu wamtali kuti auike pamwamba penipeni pa kabati, pafupi ndi chisoti cha mumgodi. Kenaka anakumbukira kena, nafunsa mpongozi wawo kumene kuli kapepala ka kopa kamene kanatsala chaka chatha. Kanali pawindo la kukhitchini, kuseri kwa botolo la mafuta ophikira.